Tsoka Silinunkha

Khala apa pamphasa, mdzukulu wanga. Foniyo lowetsa m'thumba. Minibasi za ku Lilongwe sizitha. Ukaphonya ya lero udzakwera ya mawa. Ndili nawe mawu, ndipo mawu ake si onena munthu ali chiimire.

Mkazi wako wandiuza zonse. Usam'tuzulire maso, wachita bwino. Wakutsina khutu ndi mnansi. Akuti kuchipatala anakupeza ndi BP chimanga chisanamasule, nakupatsa mapiritsi. Unamwa mwezi umodzi. Mutu utaleka kuwawa, kathumba ka mankhwala unakakankhira kuseri kwa wailesi. Lero tikukolola, ndipo iwe ukuuza anthu kuti unachira.

Sunachire. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ena onse apeze pokhala.

Agogo ako aamuna umawakumbuka ali pampando paja pakhonde, dzanja lamanja lili lende, mawu akutulukira mbali imodzi ya kamwa. Iwe unali kusekondale, unkangobwera patchuthi. Ine ndimawakumbuka asanakhale pampandopo. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 ankaliika paphewa okha, osaitana munthu. M'chipatala anali asanagonepo chibadwire. Thupi linali see, khosi lonenepa, ndipo anthu pamsika ankati bambo awa akudya bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku lake kunacha ngati masiku onse. Anapempha madzi osamba. Pobwera ndi chidebe ndinawapeza pansi, maso akundiyang'ana, pakamwa patapotoka. Abale anasonkhana. Wina anati iyi ndi hamala, munthu sangagwe chonchi popanda dzanja la munthu. Maso onse analoza kwa mayi wina wokalamba wa kumtunda uko, amene analibe womuyankhulira. Tinataya masiku awiri tikufunafuna mwini hamala. Zengerezu analinda kwawukwawu. Tsiku lachitatu ndi pamene tinawakweza pangolo.

Kuchipatala anesi anapempha buku lawo. Anatsegula masamba akale n'kundionetsa ndi chala. Zaka ziwiri m'mbuyomo, atapita ndi bala la khasu, anawayeza, ndipo nambala inali yokwera kwambiri. Anawalembera mankhwala. Ndinakumbuka timapiritsi toyera tija. Anamwa mwezi umodzi, ngati iwe, n'kunena kuti munthu wosadwala samwa mankhwala. Hamala imene tinkaifuna m'nyumba ya mayi wosalakwa uja inali italembedwa kale m'buku, m'nyumba mwanga momwe. Ndinawasambitsa ndi kuwadyetsa zaka zitatu. Sindidandaula, anali amuna anga. Koma mtsinje wa tinkanena unathera mu si izi, ndipo sindifuna kuwoloka mtsinje umenewo kawiri.

Tsono mvera ndikuuze chimene ndinaphunzira mochedwa. Dzina loti kuthamanga kwa magazi limatisokoneza. Munthu mtima ukagunda pafupipafupi amati BP yakwera. Mutu ukawawa amati BP yakwera. Akakhala phee amati yatsika. Si choncho ayi. BP ndi mphamvu imene magazi amakankha nayo makoma a mitsempha. Taganiza za chubu cha njinga chimene wachipopa mopitirira. Kunja chimaoneka bwino, njinga imayenda bwino, mpaka tsiku lophulika. Mtsempha wa mu ubongo ukaphulika kapena kutsekeka, imeneyo ndiyo sitiroko. Mtima nawo umatopa, chifukwa ukupopa molimbana usana ndi usiku, ngati munthu wolima pouma chaka chonse. Umakhuthala, kenako umafooka, munthu n'kumapuma movutika akangokwera kachitunda. Impso zimaonongeka mwakachetechete. Maso amachita chidima. Zonsezi zimatenga zaka, ndipo pa zaka zonsezo munthu amadzimva bwinobwino. Tsoka silinunkha.

Usanene kuti ndi matenda a nkhalamba kapena a mabwana. Mu 2009 a Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO anayendera dziko lino kuyeza anthu a zaka 25 mpaka 64. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse BP yake inali yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa n'komwe. Anali a m'tauni ndi a m'midzi omwe, onenepa ndi owonda. Werenga anthu a m'minibasi imene ukwere mawa, uone kuti mmodzi mwa atatu ndi anthu angati. Komanso matendawa amatsata magazi a kumtundu. Agogo ako aamuna anali nawo. Ine ndili nawo. Iwe wachokera mbali zonse ziwiri.

Popeza thupi silinena, pafunika wina wolinenera. Wolinenerayo unandigulira ndiwe. Ukukumbuka? Unabwera nako kabokosi chaka chomwe unayamba ntchito, n'kunena kuti agogo, musamadikire tsiku la kuchipatala, muziyeza pakhomo. Makinawo alipo, ndimawasunga m'sutikesi kuti fumbi ndi mphemvu zisawapeze. Adokotala atawaona anayamikira kuti unasankha omanga pamwamba pa chigongono. Anati ovala ngati wotchi aja amasokoneza msanga dzanja likangotsika kapena kukwera pang'ono. Unandigulira chinthu chabwino. Lero ndikuti mwini nzeruyo aigwiritse ntchito.

Kuyeza kuli ndi mwambo wake, ndipo wothamanga amayeza bodza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimayeza m'mawa ndisanamwe tiyi, ndisanamwe mankhwala, ndisanagwire tsache. Ndimayamba ndapita kuseri kukataya madzi, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimakweza nambala. Ndikatero ndimakhala pampando wotsamira, osati pamphasa pano. Msana utsamire. Mapazi onse apondetse pansi, osapingasa miyendo. Mkono ugone patebulo, lamba wa makina alingane ndi mtima. Lambayo amange pakhungu, osati pamwamba pa juzi, ndipo akhale zala ziwiri pamwamba pa chigongono. Ukatero khala chete mphindi 5 usanadine batani. Mphindi 5 n'zambiri kwa munthu wa m'tauni, ndikudziwa. Zidikire ndithu. Makina akayamba kufinya usalankhule, usaseke, usayankhe foni. Akamaliza dikira mphindi imodzi, uyezenso kachiwiri. Madzulo usanagone uchite chimodzimodzi. Ngati wangomwa tiyi kapena khofi, wasuta, kapena wangotsika panjinga, papite mphindi 30.

Mkono wakowo ndauona, ndi waukulu kuposa wanga. Lamba wothina pamkono waukulu amaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Pokagula ako, uyese lambayo m'sitolo momwemo. Ndipo tsiku lopita kuchipatala uziwatenga makinawo nthawi zina, anesi akayeze ndi ako ndi awo, aone ngati akugwirizana. Mabatire akafooka usinthe, usaumire.

Manambala amatuluka atatu. Anthu ambiri amasokonezeka pamenepa. Yam'mwamba ndi mphamvu ya magazi pamene mtima ukufinya. Yachiwiri ndi pamene mtima wapumira kaye usanafinyenso. Yachitatu yaing'ono ija si BP, ndi kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi. Munthu wabwinobwino amakhala cha m'ma 120 pa 80. Kuchipatala akakupeza ndi 140 pa 90 kapena kuposa, maulendo angapo, amati uli ndi BP. Pakhomo malire amatsika pang'ono, ndi 135 pa 85, chifukwa kwanu mtima umakhala m'malo. Alipo anthu amene amangoti akaona chovala choyera cha adokotala nambala imakwera, akafika kwawo imatsika. Aliponso ena amene kuchipatala amaoneka bwino, koma kunyumba ndi kuntchito nambala ili m'mwamba. Awiri onsewa amene angawaulule ndi makina a pakhomo.

Nambala imodzi si mlandu. Dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu. BP imakwera ndi kutsika tsiku lonse. Ukakangana ndi munthu imakwera, ukagona imatsika. Mnzanga wina wa ku Mvano ana ake atamugulira makina ankayeza kakhumi patsiku. Akaona yakwera ankachita mantha, mantha n'kuikwezanso, iye n'kuyezanso. Anaonda ndi nkhawa. Usatero. Chimene adokotala amafuna ndi mlungu wathunthu, m'mawa ndi madzulo, masiku 7 otsatizana. Za tsiku loyamba saziwerengera kwenikweni, chifukwa munthu amakhala asanazolowere. Chita zimenezi poyamba mankhwala, posintha mankhwala, ndi mlungu woti ukaonane ndi adokotala. BP ikakhazikika, kamodzi kapena kawiri pamlungu n'kokwanira.

Ndipo uzilemba. Kope langa ndi ili, la ana a sukulu, lotchipa. Tsiku, nthawi, manambala, ndi mawu awiri atatu ngati pali chachilendo. Ona apa, ndinalemba kuti kumaliro, sindinagone. Apa ndinalemba kuti mankhwala anatha masiku anayi. Taona mmene nambala inakwerera. Mutu umaiwala, ndipo umaiwala mokondera mwini wake. Umakumbuka nambala yabwino, yoipa n'kuitaya. Kope silikondera. Ulembe zoona ngakhale zikuchititse manyazi. Wonamiza adokotala amanamiza mitsempha yake yomwe. Ine ndikafika ndimangopereka kope ndi buku la kuchipatala. Pamzere pamakhala anthu ambiri, adokotala sakhala ndi nthawi yofunsa zambiri, koma kope limawauza za miyezi itatu pa kuyang'ana kumodzi.

Tibwere ku mapiritsi, pamene pagona mlandu wako. Iwe waganiza kuti BP ili ngati malungo. Malungo umamwa LA masiku atatu n'kuthana nawo. BP siitero. Piritsi silichotsa matendawa, limangowagwira, monga chingwe chigwirira mbuzi m'nyengo ya dzinja. Chingwe cha dzulo sichimanga mbuzi ya lero. Ukamasula, yalowa m'munda. Nambala yabwino imene unaiona utamwa mwezi umodzi sinali umboni woti wachira. Unali umboni woti mankhwala akugwira ntchito. Linda madzi apite, ndiye uziti ndadala.

Usaope mawu oti moyo wonse. Ine ndinaona zaka zimene tinkaika maliro atatu pamlungu m'mudzi muno. Ma ARV aulere atayamba kufika m'zipatala za boma mu 2004, ena ankanyoza kuti munthu angamwe bwanji mankhwala tsiku lililonse mpaka kufa. Amene anamwa, ambiri ndi awa akulera zidzukulu lero. Iwowo anatiphunzitsa kuti piritsi la tsiku ndi tsiku si ukapolo. Nsima umadya tsiku lililonse, sunanenepo kuti yakumanga. Sankha nthawi imodzi. Ine ndimamwa ndikangomaliza kuyeza, madzi a phala ali pamoto. Iwe uli ndi foni yolira, iuze izikukumbutsa. Ukaiwala n'kukumbuka tsiku lomwelo, imwa. Ukakumbuka mawa lake, imwa la tsikulo lokha. Usaphatikize awiri kuti ubweze ngongole, ungagwe ndi chizungulire.

Sindikubisa, mankhwalawa ali ndi zovuta zake. Walira mvula walira matope. Mayina ake uwadziwe, usamangoti toyera ndi tofiira, chifukwa mtundu umasintha malinga ndi kumene apangira. Ine ndinayamba ndi hydrochlorothiazide, amene timangoti HCT. Ameneyu amachotsa mchere ndi madzi m'thupi, ndiye amakodzetsa. N'chifukwa chake amamwa m'mawa, kuti usiku ugone. Kenako anandiwonjezera amlodipine, womasula mitsempha. Kwa ena amatupitsa mapazi cha m'misomali ndi m'zidendene umu, makamaka madzulo. Enalapril amapatsa ena kachifuwa kouma kosatha, kokanda pakhosi. Ndinaona munthu akumwa mankhwala a chifuwa miyezi itatu, osadziwa kuti gwero lake ndi piritsi la BP. Atanena kuchipatala anamusinthira, chifuwa chinatha. Koma milomo, lilime kapena nkhope zikatupa utamwa enalapril, imeneyo si nkhani yodikira, thamangira kuchipatala. Atenolol amachepetsa kugunda kwa mtima. Ameneyo sasiyidwa mwadzidzidzi, ndipo wa mphumu ayenera kunena asanam'patse.

Ukaona chachilendo, bwerera ukanene. Safunsa anadya phula. Mankhwala a BP alipo a mitundu ingapo, wina akakukana amakupatsa wina. Akakuwonjezera piritsi lachiwiri kapena lachitatu usati ndiye kuti ndatha. Anthu ambiri amafunika awiri kuti nambala ikhale pansi. Mutu umodzi susenza denga.

Pali china chimene amuna sanena, ndipo ndikunena ine chifukwa ndine agogo ako. Amuna ambiri amasiya mapiritsi poopa kuti awafooketsa kuchipinda. N'zoona kuti ena mwa mankhwalawa amatero kwa anthu ena. Koma BP yosasamalidwa imaononga mitsempha ya thupi lonse, ndi ya kumeneko yomwe. Wothawa piritsi pa chifukwa chimenechi amathawira kumene akuopako. Ngati ndi zimenezo, uza adokotala m'maso muli gwa, akusinthire. Anamvapo kambirimbiri. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Wayang'ana pansi. Chabwino, sindifunsa zambiri.

Tsiku lina ndinayenda ulendo wonse wa kuchipatala, ndalama ya kabaza nditakongola, n'kundiuza pawindo kuti mankhwala anu atha, mudzabwere mlungu wamawa. M'kathumba munali mutatsala piritsi limodzi. Ndi masiku anayi aja ndakuonetsa m'kope. Kuyambira pamenepo sindidikira kuti athe. Akatsala a masiku 7 ndimanyamuka. Nkhanga zinapangana kusanapse. Iwe uli pantchito, patula kandalama ka mankhwala mwezi ukangotha, usanagule mayunitsi. Ukapeza kuchipatala kulibe, tenga buku lako upite ku famase yovomerezeka, ukagule dzina lomwelo ndi mlingo womwewo. Usagule mapiritsi oyalidwa padzuwa pamsika. Usabwereke a mnzako, ngakhale nayenso ali ndi BP. Thupi lake si lako, impso zake si zako. Ndipo pa ulendo, kaya wa kumaliro kaya wa kuntchito, mankhwala alowe m'chikwama zovala zisanalowe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Uchenjerenso ndi mapiritsi a ululu. Ndimaona anyamata akugula brufen, diclofenac ndi indocid pagolosale ngati maswiti, msana ukangowawa. Amenewo amakweza BP ndipo amapweteka impso, makamaka kwa munthu amene akumwa kale HCT ndi enalapril. Mutu ukawawa panado ndi wokwanira. Ululu ukapitirira, ukafunse.

Alangizi adzakuchulukira. Wina adzati tafuna adyo. Wina adzati imwa chammwamba, wina chidede, wina botolo la zitsamba lochokera kutali lochiza matenda makumi awiri. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Adyo thira m'ndiwo, chammwamba idya ngati masamba, palibe choletsa. Koma zisalowe m'malo mwa piritsi, ndipo za m'mabotolo zosadziwika m'kati mwake uzitalikire. Wina adzakuika manja n'kunena kuti wachira, taya mankhwala, kumwa n'kusakhulupirira. Ine ndapemphera zaka zambiri kuposa zimene iyeyo wakhala ndi moyo. Ndimapemphera m'mawa uliwonse, ndikatha amen ndimameza piritsi. Amene anapatsa nzeru adokotala ndi Mulungu yemweyo. Ndaperekeza anthu awiri kumanda amene anataya mankhwala paguwa. Amene anawauza kutaya sanabwere kudzasenza bokosi. Wofuna kusala kudya afunse kaye kuchipatala mmene angamwere mankhwala masiku amenewo. Kuyenda uku ndi uku, lero piritsi mawa kusiya, ndiko kuvumbwa. Mapanga awiri avumbwitsa.

Piritsi nalo limafuna womuthandiza, ndipo womuthandiza wamkulu ali kukhitchini. Mchere. A zaumoyo amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku. Ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, kosadzaza mpaka phiri, ka tsiku lonse, kuwerengera ndi umene uli kale m'zakudya. Dzulo ndinakuona. Ndiwo usanalawe n'komwe, dzanja linali kale m'mbale ya mchere. Mbale imeneyo ichoke pamphasa. Mchere suli m'mbale mokha. Uli m'timabuloko tokometsera ndiwo, m'soseji, m'buledi, m'tchipisi ndi kanyenya wa pachiwaya amene mumadya masana kuntchito, wothira mchere wa tsabola pamwamba. Uli m'nsomba zouma zothira mchere, zimenezo uziviika ndi kutsuka usanaphike. Ngakhale soda wa m'sitolo amene timathira m'therere ndi mbale wake wa mchere, achepe. Masiku oyamba ndiwo zidzakhala zozizira m'kamwa. Pirira milungu ingapo, lilime limaphunzira. Ine lero ndikadya kwa anthu ndimamva ngati andithirira mchere wa nyumba yonse. Tomato, anyezi, nsinjiro ndi mandimu zimakometsa ndiwo popanda kupha munthu. Ndipo mphika ukhale umodzi. Asakuphikire zako padera ngati wodwala. Ana ako akazolowera mchere wochepa lero, wawapatsa chuma.

Zakudya zimene munazithawa popita m'tauni ndi zimene thupi lako likufuna. Nkhwani, bonongwe, chisoso, nyemba, nandolo, mbatata, nthochi, mgaiwa. Mimba iyo itsike pang'ono. Mwendo uyende, mphindi 30 patsiku, masiku asanu pamlungu, mayendedwe otulutsa kathukuta. Tsika minibasi siteji imodzi usanafike. Mowa ndi wokweza BP, kaya ndi wa m'botolo kaya kachasu, ndipo woledzera Loweruka amaiwala piritsi Lamlungu. Fodya yekha ndiye alibe mlingo wabwino, wosuta ndi wofwenkha yemwe. Zonsezi usazigwire tsiku limodzi, ungatope n'kuzitaya zonse. Yamba ndi mchere ndi piritsi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Anthu amati BP imabwera ndi kuganiza kwambiri. Nkhawa imakweza nambala, inde, ndipo tulo tochepa timateronso. Ndikudziwa katundu amene wasenza, fizi ya ana, lendi, ndi ife a kumudzi amene timakuimbira mwezi usanathe. Koma usadikire kuti mavuto athe ndiye BP itsike yokha. Mavuto satha. Ndakhala zaka zonsezi, sindinaonepo chaka chopanda vuto lake.

Tsopano tchera khutu, ndipo mkazi wako abwere pafupi amve nawo, chifukwa tsiku loipa wodwala sadziyankhulira. Makina akaonetsa 180 m'mwamba, kapena 120 m'munsi, khala chete mphindi 5 uyezenso. Ikakhala pomwepo, upite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ukudzimva bwino. Usadziwonjezere mapiritsi wekha. Koma pakamwa pakapotoka, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, mawu akayamba kukokeka ngati woledzera, maso akachita mdima mwadzidzidzi, mutu ukawawa kuwawa kumene sunakumvepo, pachifuwa pakathina kapena mpweya ukamabanika, pamenepo musataye nthawi ndi makina. Musaitane abale kuti mukambirane. Musafunse kuti walodza ndani. Pezani galimoto. Ndipo mayi, munthu wopotoka pakamwa musam'mwetse madzi, phala kapena piritsi, angatsamwe zikalowa m'mapapo. Mugonekeni cham'mbali, ndipo mukumbukire nthawi imene zayambira kuti mukauze adokotala. Zizindikirozo zikabwera n'kutha zokha pa kanthawi, musati zapita. Limenelo ndi chenjezo, mupite ndithu. Madzi akatayika saoleka. Ine ndinataya masiku awiri, ndipo ndinawalipira zaka zitatu.

Nambala ikhozanso kutsika mopitirira. Ukamaona chizungulire podzuka, dzuka mwapang'onopang'ono, yamba wakhala m'mphepete mwa bedi. Zikapitirira, kapena ukatsegula m'mimba ndi kusanza kwambiri uli pa mankhwalawa, kaonane ndi achipatala msanga. Ndipo kamodzi pachaka upemphe akuyeze shuga ndi impso. BP ndi shuga zimakonda kuyendera limodzi. Impso zikafa, chotsala ndi makina osefa magazi, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queens ku Blantyre, kangapo pamlungu, maola angapo ulendo uliwonse, ndipo ofuna makinawo ndi ambiri. Piritsi la m'mawa ndi lopepuka kuposa ulendo umenewo.

Inu mayi, ndaona mmene mukuyendera, sindifunsa miyezi. Makina amene agule bambo awa ndi anu omwe. Kusikelo musaphonye, ndipo akamakuyezani BP muzifunsa nambala. BP ya pathupi ndi yoopsa kwa mayi ndi mwana yemwe. Mutu wosaleka, kuona zinthu zothwanima, kutupa nkhope ndi manja, kupweteka pansi pa nthiti, zimenezo n'zothamangira kuchipatala usiku womwewo. Mapiritsi a amuna anu musakhudze, makamaka enalapril, amapweteka mwana m'mimba. Oyembekezera ali ndi awo, monga methyldopa ndi nifedipine, ndipo opereka ndi achipatala.

Mdzukulu wanga, ana ako ndi ang'ono. Woyamba sanafike n'komwe sitandade 5. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu, koma za akulu nazo zimapota ana. Agogo ako atagwa, amalume ako anasiya sukulu kuti agwire khasu, ng'ombe ziwiri tinagulitsa, ndipo nyumba ya njerwa ija inathera pawindo. Sitiroko siigwira munthu mmodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mapiritsi akuseri kwa wailesi aja usakangoyambiranso mwakachetechete. Papita miyezi. Ukafika upite kuchipatala ndi buku lako, ukanene zoona kuti ndinasiya mwezi wakuti. Akakukalipira, pirira, kukalipa sikupha. Akuyezenso, akuuze poyambira.

Usiku uno ugona konkuno. Ndakuyalira m'chipinda cha agogo ako. Mawa tambala akalira kachiwiri udzuke, upite kuseri, ubwere ukhale pampando uwu. Tiyi adikire. Ndidzayamba ine kuti uone, kenako iwe. Lamba wanga akakuthina tidzadziwa kuti ukagule wamkulu. M'sutikesi muli kope lina latsopano, ndinagula awiri. Tsamba loyamba tidzalemba limodzi, tsiku ndi nambala, ndipo ukadzabwera pa Khirisimasi udzabwere nalo ndidzaliwerenge.